Zovala za agogo a ku Burma tizitchula bwanji?

Funso: Ndine mayi wa ku Matero, mu Lusaka. Ndikulembera adzukulu mbiri ya agogo anga amene anakamenya nkhondo ku Burma. Pa chithunzi chawo avala chisote chachikulu, kabudula ndi nsapato zikuluzikulu. Ndalemba kuti "kabudula kawo ka Keyala", koma mlamu wanga akuti ndalakwitsa. Ndalakwitsa pati?

Yankho: Mayi, alamu anu anena zoona, ndipo mwina malo olakwika ndi awiri.

Tiyambe ndi kabudula. "Ka-" wa pa mawuwa si uja wochepetsa chinthu ngati pa kamwana kapena kanyumba. Anabwera nawo mawuwo, ndipo Aswahili amati kaptula. Choncho timati kabudula wawo, kabudula wa kaki, osati kabudula kawo. Akachuluka ndi akabudula kapena makabudula. M'misika ya salaula ku Soweto mumva zonse zosakanikirana, koma polemba tsatani "wa".

Keyala ndiye wofunika kusamala naye. Ndi mmene makolo ankatchulira KAR, King's African Rifles, gulu limene linakhazikitsidwa mu 1902 ndipo linali ndi mabataliyoni a ku Nyasaland. Kuno kwathu ku Zambia kunali gulu lakelake, Northern Rhodesia Regiment, lomwe linapatuka ku polisi mu 1933. Onsewo anakafika ku Burma, n'chifukwa chake mu Lusaka muli Burma Road ndi Arakan Barracks. Anthu akale ankangoti Keyala kwa msilikali aliyense wovala kaki. Inu yang'anitsitsani baji ya pa chipewa kapena mapepala awo musanawalembe m'gulu la eni.

Ndati chipewa dala. Kuno chisote chimakwana pa chilichonse chovala kumutu, koma pa chithunzi cha nthawi imeneyo pakhoza kukhala zinthu zitatu zosiyana. Chokhala ndi mlomo waukulu kuzungulira, mbali imodzi yopindira m'mwamba, ndi chipewa. Cholimba chija chotchinjiriza mutu ndi chisoti chachitsulo. Chofiira chopanda mlomo chimene a KAR ankavala pa perete, ingolembani kuti chisoti chofiira cha pa perete. Adzukulu adzachiona bwino m'maganizo kusiyana ndi kungoti "yunifomu", mawu amene masiku ano ameza chilichonse, kuyambira cha mwana wa sukulu mpaka cha mlonda wa pa geti.

Nsapatozo ndi jombo. Ngati pakati pa jombo ndi bondo mukuona nsalu yokulungidwa mizeremizere, si sokosi ayi. Ndi nsalu yaitali imene ankakulunga m'miyendo kuteteza ku minga, matope ndi timiyala. Ifotokozeni choncho basi. Chikhoti cholemera cha nthawi yozizira ndi jasi.

Funso: Wina wa ku Chawama wafunsa kuti cholondola n'chiti: soja, msilikali kapena msirikali?

Yankho: Soja ndi wa pocheza, ndipo palibe amene angakudzudzuleni mu minibasi. Polemba gwiritsani msilikali, mawu ochokera ku askari wa Chiswahili. Kalembedwe ka msirikali kamatsata lamulo lija loti pambuyo pa i ndi e palembedwe r. Onse awiri amapezeka m'mabuku. Sankhani amodzi, musasinthesinthe m'nkhani imodzi.