Satifiketi ya bizinesi siteteza chizindikiro cha malonda anu

Mayi, mwafunsa ngati satifiketi ya dzina la bizinesi imene muli nayo ingaletse ena kugwiritsa ntchito dzina ndi chithunzi chimene mumamata pa mabotolo anu a chiponde. Yankho langa ndi lakuti ayi. Satifiketiyo imangotsimikizira kuti boma likuidziwa bizinesi yanu, pamene chizindikiro cha malonda, chimene ambiri amachitchula kuti trademark, chimalembetsedwa pachokha ku ofesi ya boma yolembetsa zizindikiro za malonda motsatira lamulo la Trademarks Act la 2018.

Musanasindikitse malebulo ena, yambani mwapempha kuti afufuze m'kaundula ngati palibe amene analembetsa kale dzina lofanana ndi lanu, kaya m'kalembedwe kaya m'kamvekedwe, chifukwa n'zopweteka kutaya makatoni a malebulo olipiridwa kale, makasitomala atazolowera dzinalo. Liganizireninso dzina lenilenilo. Mawu ongofotokoza katundu, monga "Chiponde Chokoma", kawirikawiri amakanidwa, popeza aliyense wokazinga ndi kupera mtedza ali ndi ufulu wonena kuti chake n'chokoma. Dzina lopeka nokha ndilo limatetezeka mosavuta.

Katundu ndi ntchito zinagawidwa m'magulu 45, ndipo chitetezo chimafika pa zokhazo zimene mwatchula polembetsa. Chiponde chili m'gulu 29, koma ngati mukulingalira zodzagulitsanso uchi kapena tsabola wa m'botolo, zimenezo zili m'gulu 30, choncho n'kwanzeru kuzilembetseratu. Pempho likavomerezedwa limalengezedwa kuti wotsutsa atsutse, ndipo popanda chovuta mumalandira satifiketi yogwira ntchito zaka 10, imene mungathe kumaiwonjezera nthawi ikatha.

Pali chinthu china chimene ambiri amachinyalanyaza ndipo chimandidetsa nkhawa. Ngati chithunzicho anakujambulirani munthu wina, mulemberane naye kalata yosaina yonena kuti wapereka umwini wake kwa inu, ngakhale atakhala mphwanu, chifukwa malonda akayamba kuyenda bwino mapangano a pakamwa amaiwalika msanga.

Kulembetsa kwa kuno kumathera m'malire a Malawi. Mukafuna kudzagulitsa kunja, pali njira ya bungwe la ARIPO, lolembetsa zizindikiro m'mayiko ena a mu Africa, limene likulu lake lili ku Harare, komanso ya Madrid Protocol, pangano lolembetsera chizindikiro m'mayiko ambiri nthawi imodzi, limene dziko lathu linalowamo mu 2018, ndipo pamenepo ndi bwino kufunsa loya wodziwa za zizindikiro. Pakadali pano sungani malisiti, zithunzi za malebulo akale ndi zimene munalengeza pa Facebook, pakuti zidzakhala umboni wa nthawi imene munayamba kugwiritsa ntchito dzinalo wina akadzakutsutsani.