Musawasiye amayi otunga madzi

Achimwene, mwafunsa kuti muonane ndi ndani musanakumbe mjigo kumudzi kwanu. Yambani ndi amfumu, poti ndiwo amaloza malo, kenako agulupu ndi komiti yachitukuko ya m'mudzi (VDC), yomwe imakatula nkhaniyi ku komiti yachitukuko ya dera la mfumu yaikulu (ADC) mpaka ikafike kukhonsolo. Mlangizi wa zaumoyo naye muyende naye, amadziwa pomwe pali zimbudzi zoti zingaipitse madzi.

Koma chonde, amayi musawaphonye. Lawirirani kudambo m'mamawa, mukawapeze akutunga, ndowa zili pamzere, muwafunse pomwe akufuna mjigowo. Ndiwo adzasonkhe ndalama zogulira zipangizo ukadzawonongeka. Mukangowaitanira pabwalo limodzi ndi abambo, ambiri akakhala kumbuyo pamphasa osanena kanthu.