Musanagule kabuleta, masulani kaye chitsekerero cha thanki

Achimwene, pamene mwanena kuti thirakitala yotchetchera kapinga imalira bwinobwino mphindi 15 kenako n'kuyamba kutsamwa mpaka kuzima, ikapuma n'kudzukanso, ine thupi lachita kuzizira. Matenda omwewo anandidyera malipiro a sabata ziwiri ku Midrand, kuno ku South Africa. Musagule kanthu kaye. Ikazimanso tsikani, masulani chitsekerero cha thanki pang'onopang'ono khutu lili pafupi, fodya ali kutali. Mukamva kuti psii ngati mukutsegula botolo la zoziziritsa kukhosi, mwaligwira vutolo.

Ine zinandigwera mu Okutobala, mvula yoyamba itangogwa. Mukudziwa kuno ku Gauteng kapinga wa kikuyu amagona nyengo yonse yozizira, thirakitala n'kumangokhala m'galaja kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Mvula ikangodontha, kapinga amadzuka ngati wamwa mankhwala. Sabata imeneyo adona anali ndi phwando la mwana wawo Loweruka, a matenti akubwera Lachisanu, ndiye pulote yonse inkayenera kukhala yometedwa pofika Lachinayi.

Lachiwiri ndailiza, yalira ndithu. Ndazungulira kanayi, yazima pakati penipeni pa bwalo, maso ndi maso ndi khonde lomwe adona amamwerapo khofi. Ndapotokola kiyi, yakana. Ndakhala pansi pa mtengo theka la ola, ndayesanso, yadzuka ngati palibe chachitika. Mphindi 15, zii. Tsiku lonse masewera ake amenewo, adona akungondiyang'ana pamwamba pa magalasi osanena kanthu, bola akanakalipa. Ine ndi mantha ndinkangokakamira kiyi mpaka batire inatheratu, yangotsala kuti ke ke ke. Vuto linali limodzi, ndalibereka lachiwiri ndi manja anga. Madzulo ndinaikankha ndekha kupita ku galaja, ikukana ngati ng'ombe yoona dibi, thukuta kamukamu, osadziwa kuti kumbuyo kwake kuli kachitsulo kongokoka kuti matayala amasuke. Ndinadzakadziwa patapita mwezi, msana utapita kale.

Bwana anaitana makaniko wina wake woyenda pa kabakkie. Munthu ameneyo mpaka lero ndikamukumbukira nsima siilowa. Sanandifunse ngakhale funso limodzi, ine amene ndimakhala pampando umenewo sabata ndi sabata. Wangomva ke ke ke, akuti batire. Waika yatsopano, yalira, walandira ndalama, ulendo, mphindi zisanu zisanakwane. Ine ndikumuuza kuti dikirani pang'ono muone, iye akutseka chitseko cha galimoto. Yazima. Lachitatu wabweranso, akuti kabuleta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya popita mu injini. Wasintha kabuleta yonse, sefa ya petulo, pulagi. Waliza, walandira, wapita. Yazimanso pa nthawi yake yomwe ija ngati ili ndi wotchi m'mimba.

Lachinayi anabwera nkhope itagwa. Ananunkhiza m'thanki, n'kutembenukira kwa bwana n'kulankhula Chiafrikaans, poganiza kuti mnyamata wa m'galadeni sakumva. Akuti ndine ndathiramo petulo wosakaniza ndi oyilo, uja wa makina a m'manja odulira m'mphepete. Bodza lamkunkhuniza! Zigubu zanga ziwiri ndinazilemba ndekha ndi penti, china chofiira china chobiriwira. Komanso petulo wosakanizayo akalowamo injini imafuka utsi wabuluu n'kudetsa pulagi, siiwerenga mphindi. Koma mawu a ndani angamveke pamenepo? Lachinayi ndi Lachisanu pulote yonse ndinaitchetcha ndi makina okankha aja kuyambira 5 koloko m'mawa, manja matuza okhaokha, a matenti akukhoma zikhomo kumbuyo kwanga. Pakutha pa mwezi envelopu yabwera yopyapyala, akuti tagawana mtengo wa kabuleta. Za mapepala athu mukuzidziwa nokha, munthu umangoti zikomo bwana. Fizi ya mwana ku Ntcheu mwezi umenewo ndinachita kukongola.

Anandipulumutsa ndi mdala wina wa pulote yoyandikana nayo, wa ku Angonia, chilankhulo chathu chomwechi. Anaima pa mpanda n'kundiuza kuti ndiilize, iye akuonerera. Itazima analumpha, n'kumasula chitsekerero, psii. Akuti liza. Yalira! Ndinatchetcha ola lathunthu chitsekerero chili chomasula pang'ono, osatsamwa ngakhale kamodzi. Nkhani yake ndi yaing'ono mochititsa manyazi. Pachitsekereropo pali kabowo kolowetsa mpweya. Petulo akamatsika, mpweya uyenera kulowa m'malo mwake. Kabowoko kakatsekeka ndi fumbi ndi tizinyalala ta kapinga, thanki imayamba kukoka petulo m'mbuyo, monga muja chigubu chozondotsa chimakanira kutulutsa madzi. Ikakhala kanthawi mpweya umalowa pang'onopang'ono, n'chifukwa chake imadzukanso ikapuma. Makaniko uja ankatsegula thanki pofika, ndiye nthawi zonse inkamulirira iyeyo. Mdala anachitsuka chitsekererocho, n'kuchipemerera, basi. Sanandilipiritse, ndinangomugulira buledi ndi shuga.

Ngati kwa inu sikumveka psii, musataye mtima. Nthawi yomweyo yazimayo, injini ikadali yotentha, onani ngati pulagi ikupereka moto, chifukwa koyilo, yomwe imapanga motowo, ikatopa imachitanso chimodzimodzi, ikatentha imasiya, ikazizira imabwerera. Moto ukakhalapo, injini itazizira zulani paipi ya petulo pa kabuleta muilozetse m'botolo. Ngati thanki ili pamwamba, petulo azituluka mosadukiza. Ngati yanu ili ndi kapampu, azilavula mukamapotokola kiyi. Akamangodontha, sefa yatsekeka kapena paipi yafufuma m'kati. Sefa ikakhala ndi kamuvi, kaziloza ku kabuleta, ambiri amaika chozondoka. Pansi pa kabuleta zambiri pali ka solenoid, kachitsulo kokhala ndi waya kotsegula ndi kutseka njira ya petulo, mukatsegula kiyi kazimveka kuti tha. Kakakhala chete, petulo sapita mu injini ngakhale thanki itadzaza. Ndipo petulo amene wagona m'thanki nyengo yonse yozizira mukhuthuleni, amachita utomoni wotseka timabowo ta m'kabuleta. Tsopano ine ndikamaiika m'galaja mu Meyi ndimailiza mpaka kabuleta iume.

Za m'mawa zomwe mwanena kuti nthawi zina kiyi amangokhala chete, yambani ndi zopusa. Mwakhala pampando bwinobwino? Buleki mwaponda mpaka pansi? Mipeni mwaizimitsa? Makinawa ali ndi timaswichi m'malo amenewa, kamodzi kakakana palibe chimene chilire. Kenako fyuzi ndi mitu ya batire, ikachita zoyera zija ipaleni. Batire yodzaza imawerenga ma volt 12.6 pa mita yoyezera magetsi. Kiyi musamamugwire kupitirira masekondi 10, sitata imapsa. Wina asakunamizeni kuti lumikizani mawaya a pansi pa mpando kuti isamavute, kaswichi kameneko ndi kamene kamaimitsa mipeni mukagwa. Sololaninso kachitsulo koyezera oyilo mununkhize. Oyilo akakwera yekha n'kumanunkha petulo, kabuleta ikudontha m'kati, musailize mpaka oyilo asinthidwe.

Koma kunena zoona achimwene, ngati makinawo ndi a bwana, sipanala musaigwire. Inde, ndikudziwa zimene ndangolembazi. Mukamasula kabuleta n'kutaya kasipuling'i kamodzi m'kapinga, mlandu wonse ugwera inu, ndi zomwe zinafa kale zomwe. Auzeni aitane makaniko, ndi ntchito yawo, ena amaidziwa ndithu. Kungoti akabwera jambulani vidiyo pafoni, ndipo asachoke pageti mpaka itatchetcha theka la ola iye akuona. Chitsekerero chokhacho masulani nokha bwana asanadzuke, mawa mundiuze ngati yati psii.