Kodi mtengo wa bonsai umene ukuuma ungatsitsimuke?

Wowerenga wina wandilembera imelo yonena kuti miyezi 4 yapitayo anapatsidwa mtengo wa bonsai (mtengo wokulira mumphika umene amaudulira kuti ukhalebe waung'ono) wa mtundu wa juniper, wa m'gulu la mkungudza, ndipo wakhala akuusunga patebulo m'chipinda chochezera n'kumauthirira tsiku lililonse. Masamba ayamba kufiira ndi kuyoyoka, ndipo atathira feteleza, mtengowo wafookeratu. Akufunsa ngati ungapulumuke.

Choyamba, tsimikizani kuti mtengowo udakali moyo, chifukwa juniper amapusitsa: masamba ake amatha kukhala obiriwira kwa milungu ingapo mizu itafa kale. Kandani pang'ono khungwa la nthambi ndi chikhadabo, kenako khungwa la thunthu cha m'munsi. Mukapeza mkati mwake muli mobiriwira ndi monyowa, chiyembekezo chilipo.

Malinga ndi zimene mwafotokoza, ndikuona kuti vuto lagona ku mizu. Mizu imafunika mpweya monga momwe imafunira madzi, ndipo dothi la mumphika waung'ono likakhala lonyowa nthawi zonse, m'nyumba mopanda dzuwa ndi mphepo yoliumitsa, mizu imabanika n'kuyamba kuola. Zikatero mtengo umafota ngati uli ndi ludzu, mwini wake n'kuwonjezera madzi, pamene madziwo ndi amene akuupha. Feteleza nayenso amawotcha mizu yodwala, choncho musathirenso mpaka mtengo utaphukira.

Zulani mtengowo mosamala pamodzi ndi dothi lake. Mizu yamoyo imakhala yolimba, ndipo nsonga zake zimayera, pomwe yoola imakhala yakuda, yofewa ndi yonunkha. Dulani yoola yokhayo ndi sizasi yoyera, kenako bzalani mtengowo m'dothi la mibulu lotaya madzi msanga, monga akadama (dothi la mibulu la ku Japan) wosakaniza ndi timiyala topepuka ta pumice, mumphika wokhala ndi mabowo kunsi. Kusintha dothi kumayenera nthawi imene mitengo yatsala pang'ono kuphukira, koma mizu ikamaola simungadikire nyengo.

Zimandipweteka mtima kuti ambiri amagula juniper osauzidwa kuti ndi mtengo wapanja. Wa m'nyumba ndi wonga ficus, wa m'gulu la mkuyu. Utulutseni wanuwo, ukhale pamalo pofika dzuwa la m'mawa lokha, potetezeka ku mphepo yamphamvu. Musanathirire, pisani chala m'dothi sentimita 1, ndipo likakhala louma, thirirani mpaka madzi atuluke kunsi. Musadule nthambi kapena kuzikulunga waya wozipindira chaka chino. Pakadutsa milungu 6 kapena 8, yang'anani kunsonga kwa nthambi ngati kwatuluka timasamba tatsopano.