Chikondi Chanucho Akuchidziwa Ndani?

Mdzukulu wanga, kalata yako ndaiwerenga kawiri. Ukuti uli ndi zaka 23, ndipo patha zaka ziwiri uli pachibwenzi ndi mnyamata wopemphera. Iyeyo akuti popeza mudzakwatirana ndithu, palibe cholakwika mutayamba kugonana, poti Mulungu amaona mtima. Funso lako ndi lakuti: "Agogo, malire ali pati? Tingafike pati osachimwa?" Kumapeto kwenikweni, ngati kanthu kongokumbukira, waonjezera kuti makolo ako, makolo ake ngakhale a kumpingo sakudziwa chilichonse, chifukwa mudapangana kuti anthu amaononga zinthu.

Mzere womalizawo ndi umene wandisowetsa tulo. Za malirezo ndikuyankha, koma funso limene ukadandifunsa ndi lina: zaka ziwiri zonsezi, chikondi chathuchi akuchidziwa ndani?

Poyamba khazika mtima pansi. Kuti thupi lako limatentha ukakhala naye pafupi, sindiye kuti Satana wakulowa. Adalenga thupilo ndi Mulungu, ndipo adadziwa chimene ankachita. Pa Genesis 2 mwamuna ndi mkazi wake anali maliseche onse awiri osachita manyazi, ndipo apo n'kuti tchimo lisanalowe. M'Baibulo momwemo muli Nyimbo ya Solomo, mitu 8 yathunthu ya mwamuna ndi mkazi akutamandana tsitsi, milomo ndi khosi, mawu oti alaliki ambiri amachita kuwalumpha. Choncho usadzione wodetsedwa. Koma m'buku lomwelo muli chenjezo lobwerezedwa katatu, pa 2:7, 3:5 ndi 8:4, lakuti chikondi chisadzutsidwe nthawi yake isanakwane. Adachenjezayo sanali munthu wodana ndi chikondi, anali mwini chikondi amene.

Ndiye taona mawu amene Malembo amagwiritsa ntchito ponena za kugonana. Pa Genesis 4:1 akuti Adamu adamdziwa Hava mkazi wake. Kudziwa. M'Chihebri mawu ake ndi omwewo onena za kudziwa Mulungu. Ine pamenepa ndi pomwe ndimaimapo nthawi zonse ndikamalangiza atsikana. Iweyo mnyamatayu ukumudziwa? Ukumudziwa monga amakhalira akabwera kudzakuona, atasamba, atakonzekera zoti anene. Mmene amayankhulira kwa mayi ake akakwiya sudziwa. Mmene amachitira ndi ngongole za anzake sudziwa. Zimenezo amadziwa ndi anthu ena, omwewo mwapangana kuwabisirawo. Munthu sadziwika ndi maso awiri okha, mwana wanga, makamaka maso a munthu amene wakonda kale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nthawi yathu ukwati unkalengezedwa m'tchalitchi Masabata atatu otsatizana. Wolengezayo ankaima kutsogolo, n'kutchula dzina la mnyamata, dzina la mtsikana, mayina a makolo, kenaka n'kunena kuti ngati alipo wodziwa chifukwa choti awiriwa asakwatirane abwere adzanene. Akatero ankakhala chete pang'ono. Chete ameneyo! Sankafika ngakhale mphindi imodzi, koma kwa mwini dzina ankakhala ngati chaka. Ndimakumbukira ndidakhala pabenchi lachitatu kuchokera kumbuyo, manja ali thukuta lokhalokha, maso ali pansi, ndikumva khosi langa likuyang'anidwa ndi mpingo wonse. Mwana wina adalira chakumbuyoko, ine mtima phaa, kuyesa wina waimirira.

Koma chimene ndikufuna kukuuza chidachitika Loweruka, mawa lake kuli kulengeza koyamba. Malemu amuna anga adabwera madzulo, nkhope ili yachilendo. Adakana kukhala pampando. Adaima chogwira chipewa m'manja, akuchipotokola, n'kundiuza kuti ali ndi mwana wa zaka zitatu amene adabereka ndi mtsikana wina asanandidziwe. Tinali titakhala pachibwenzi chaka chathunthu, osatchulako. Ndidawafunsa kuti bwanji lero. Adayankha kuti, "Mawa dzina langa litchulidwa pamaso pa Mulungu ndi anthu, ndipo alipo odziwa. Sindikufuna udzamve kwa wina." Ndidalira usiku wonse. Mayi anga adangokhala pambali panga osanena kanthu mpaka tambala woyamba, kenaka adati, "Masabata alipo atatu. Ukafuna kuti aleke, aleka." Sindidawauze kuti aleke. Sabata lachiwiri akuluakulu a mbali zonse adakhala pansi, mayi wa mwana uja adafunsidwa ngati adalonjezedwa ukwati, iye adati ayi, ndipo nkhani ya chisamaliro cha mwanayo idakambidwa poyera. Mwana ameneyo adadzakulira m'manja mwanga. Lero ndi iye amene amandiperekeza kuchipatala miyendo ikavuta.

Amuna anga sanali munthu woipa. Anali wamantha, monga alili anyamata ambiri. Chaka chonse chikondi changa chidalephera kuwatulutsa mawu amenewo m'kamwa, koma kudziwa kuti mawa kuli kulengeza kudawatulutsa tsiku limodzi. Ndikadagona nawo m'chaka chimenecho, ndikadagona ndi munthu amene ndinkayesa kuti ndikumudziwa.

Mwambowu sudangoyamba wokha. Nditayamba ntchito ya ulangizi kumpingo tidaphunzitsidwa mbiri yake, ndipo ndidadabwa kuona kuti misozi ya atsikana ndi imodzimodzi kuyambira kale. Ku Ulaya kalelo mwamuna ndi mkazi ankatha kulonjezana awiriwiri kuseri, ndipo ukwatiwo unkawerengedwa. Ndiye amuna ena ankalonjeza usiku, n'kugona ndi mtsikana, kenaka n'kukana kuti sadanenepo, n'kukakwatira wina poyera. Mtsikanayo akanenera kwa ndani, popanda wina amene adamva? M'chaka cha 1215, pamsonkhano waukulu wa mpingo ku Lateran mumzinda wa Rome, nthawi ya Papa Innocent III, adalamula kuti maukwati azilengezedwa m'matchalitchi. Vutolo silidathe, mpaka mu 1563 msonkhano wa ku Trent udagamula kuti ukwati wopanda wansembe ndi mboni ziwiri kapena zitatu si ukwati. Ku England nako lamulo la 1753 lidatseka maukwati am'seri, achinyamata ena n'kumathawira ku Gretna Green, kutsidya kwa malire ku Scotland. Koma taona, ngakhale othawawo ankakalumbira pamaso pa mboni, nthawi zambiri kwa wosula zitsulo wa pamudzipo. Abale athu Achisilamu nawo pomanga nikah amafuna mboni, Ayuda chimodzimodzi, mboni ziwiri. Anthu osiyana mapemphero, osiyana zilankhulo, onse adafika pamfundo imodzi. Adachita kuona okha zimene zimachitika mumdima.

Mnyamata wakoyo akunena zoona kuti Mulungu amaona mtima. Mneneri Malaki, pa 2:14, akuti Yehova ndiye mboni pakati pa mwamuna ndi mkazi wa ubwana wake. Koma mawuwo adanenedwa podzudzula amuna amene ankasiya akazi awo, osati powamasula. Munthu amene amaopadi kuti Mulungu akumuona, angaope bwanji kuti azakhali ako amuone? Wamkulu kwambiri akudziwa kale. Otsalawa ndi anthu chabe.

Nkhani imene ndimaikonda ndi ya Rute ndi Boazi. Rute adapita usiku kudwale, n'kugona kumapazi a Boazi. Kunali mdima, kunalibe wowaona, mkaziyo anali wamasiye ndiponso mlendo wochokera ku Mowabu, wopanda mlongo woti amuyankhulire. Boazi akadachita chilichonse, ndani akadamufunsa? Iye adamuuza kuti agone mpaka m'mawa, ndipo kutacha adapita kuchipata cha mudzi, n'kuitana akuluakulu 10, n'kuwakhazika pansi. Adaitananso wachibale wina amene anali ndi ufulu patsogolo pa iye, n'kumupatsa mpata woyamba, ngakhale zikadatha kumulanda mkaziyo. Atamaliza zonse adauza anthuwo kuti iwo ndiwo mboni tsiku limenelo. Mwamuna wokonda amatero. Usiku amadzigwira, kukacha amathamangira kumene kuli anthu. M'banja limeneli ndi momwe mudabadwa Obedi, agogo ake a mfumu Davide.

M'nyumba ya Davide yemweyo mudachitikanso zina. Amnoni, mwana wa Davide, ankati amakonda mlongo wake Tamara mpaka kudwala nako. Pa 2 Samueli 13, asanamugwirire, choyamba adalamula kuti anthu onse atuluke m'chipindamo. Atatha, Malembo akuti chidani chimene adamuda nacho chidaposa chikondi chimene adamukonda nacho, ndipo adamupirikitsa n'kutseka chitseko. Sindikuti mnyamata wako ndi Amnoni, ayi, sindikumudziwa, mwina ndi mwana wabwino wamanyazi chabe. Ndikungoti ine ndikamva mwamuna akunena kuti anthu atuluke, makutu anga amaima.

Masiku ano kulengezaku kukuzilala, ndipo zimandiwawa. Kwina amalengezabe, koma mothamanga, pakati pa zidziwitso za kwaya ndi za msonkhano wa amayi, anthu ali pafoni. Chete uja adatha, wolengeza sadikiranso. Kwinanso amalengeza mumpingo woti awiriwo angolowamo miyezi itatu yapitayo, mopanda ndi mmodzi yemwe wodziwa kumene achokera. Ambiri amabwera kudzadalitsa ukwati ali kale ndi ana awiri. Sindiwanyoza, ndimakondwa kuti abwera, koma pamenepo mpingo ungafunsenso chiyani? Chimene chimandizunguza mutu ndi ichi: inu ana a lero mumaika zithunzi zanu pa Facebook kuti anthu mazanamazana osakudziwani aone mmene mwavalira, koma mayi amene adakuberekani sadziwa dzina la munthu amene mumayankhula naye pa WhatsApp mpaka pakati pa usiku. Oonerera muli nawo ambiri. Koma mboni ndi munthu woti zikavuta angathe kupita kukagogoda pakhomo la mnyamatayo n'kumuuza kuti, "Ndidakumva ndi makutu angawa." Woteroyo uli naye?

Ukuti anthu amaononga zinthu. Alipo oononga, ndakhala ndi moyo nthawi yaitali, ndawaona: ansanje, amiseche, ofuna mwana wawo akwatiwe ndi wachuma basi. Sindikuti ukaime pamsewu n'kumauza aliyense. Koma pa anthu onse amene Mulungu adakupatsa, sangalephere kupezeka awiri okhwima maganizo, osunga pakamwa, okufunira zabwino. Safunsa adadya phula.

Tsono za malire zija. Yankho langa ndi lakale lomwe lija: dikirani mpaka mutamanga ukwati. Paulo pa 1 Akorinto 6 akuti thupi lako ndi kachisi wa Mzimu Woyera, ndipo m'kachisi salowa mozemba. Za kuti dzanja lifike pati, milomo ifike pati, sindikupimira ndi chingwe, chifukwa wofunsa kuti phompho layambira pati amakhala akuyenda kale m'mphepete. Chimene ndidaona n'chakuti kudikira kumapepuka anthu akadziwa. Mukakhala awiri okha ndi chinsinsi chanu, malo okumanirana amakhalanso obisika, ndipo thupi limapambana. Yakobo adagwira ntchito zaka 7 chifukwa cha Rakele, n'kuziona ngati masiku owerengeka, koma adazigwira pakhomo pa bambo ake a mtsikanayo, aliyense akudziwa chimene akudikira.

Mwina pofika polemba kalatayi n'kuti malirewo mutawadumpha kale, ndipo udachita manyazi kundiuza. Ngati ndi choncho, usadzitaye. Yesu adakhala pachitsime ku Samariya dzuwa lili paliwombo, n'kucheza ndi mayi amene adakwatiwapo ndi amuna asanu, ndipo amene anali naye nthawi imeneyo sanali mwamuna wake. Sadamuthamangitse. Adangomutchulira zoona zake poyera, mayiyo n'kusiya mtsuko pomwepo, kuthamangira kumudzi kukauza anthu omwe aja ankawazemba. Lapa, uyambirenso, ndipo mupite nonse awiri kukayezetsa magazi, aliyense amve zotsatira za mnzake ndi makutu ake. Zimenezinso ndi mbali ya kudziwana.

Chochita sabata ino n'chimodzi. Mukakumana, masana, pamalo poti anthu akudutsa, umuuze kuti, "Ndikufuna ndiwauze mayi za iwe, nawenso uuze wamkulu mmodzi wa kwanu, ndipo tikaonekere kwa abusa." Ukatero ukhale chete, usamuthandize kuyankha, umuyang'ane kumaso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Akhoza kuchita mantha, zimenezo zisakudetse nkhawa, amuna anganso chipewa chija adachipotokola mpaka kuchiononga. Wamantha wokonda amapempha masiku ochepa kuti akonzeke, n'kutchula tsiku. Mwinanso adzakuuza kanthu kamene wakhala akukubisira, ndipo udzalira monga ndidalirira ine. Koma akakwiya, akayamba kunena kuti sukumukhulupirira, kapena akati muyambe mwagonana kaye ndiye adzauze akwawo, usatsutsane naye. Ubwerere kunyumba, ukawauzebe mayi ako tsiku lomwelo.

Undilemberenso, mdzukulu wanga, undiuze mmene nkhope yake idaonekera. Ndikhala ndikukutchula m'pemphero langa la m'mamawa.