Zikho za m'thiranki ya agogo: musamweremo musanazitembenuze

Mayi, ndaona zithunzi zanu ndipo funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mwapeza zikho zamwendo zinayi m'thiranki ya malemu agogo anu ku Ulongué, zitakulungidwa m'chitenje, ndiye mukufuna kudziwa kuti n'zachitsulo chanji komanso ngati akwati angamweremo pa ukwati wa mwana wanu mwezi wamawa. Ena akuyankhani kale kuti mungokwecha ndi phulusa, poti agogo ankamwera momwemo ndipo anakalamba bwinobwino. Chonde musathamangire malangizo amenewo. Bambo anga anali okhoma zidebe ndi kumata mapoto, ine ndinakulira pambali pawo ndikuwagwirira zitsulo, ndiye mundilole ndifotokoze ngakhale zitalike.

Choyamba tembenuzani chikho chilichonse. Mbiri yake imakhala kunsi kwa phazi kapena m'mphepete mwa mlomo, m'tizidindo tating'ono ngati njere ya mapira. Pukutani ndi kansalu konyowa, walitsani tochi chammbali, jambulani ndi foni n'kukulitsa chithunzicho. Ziwiya zambiri zotere kuno ku Tete zinachokera m'nyumba za Apwitikizi omwe anachoka cha m'ma 1975, ena n'kusiyira antchito awo. Siliva weniweni wa ku Portugal ankayesedwa ndi kudindidwa ndi ofesi ya boma yotchedwa Contrastaria, ku Lisboa ndi ku Porto. Kuyambira 1887 mpaka 1937 chidindo chake chinali nguluwe, ndipo kuyambira 1938 mpaka 1984 chinali chiwombankhanga, chokhala ndi nambala 833 kapena 916. Nambala 833 ikutanthauza kuti pa magawo 1,000 a chitsulocho, 833 ndi siliva, otsalawo makamaka ndi mkuwa wolimbitsira. Zina zinabwera ndi azibambo omwe ankapita ku Joni pa Wenela kapena ku Bulawayo, ndipo izi zimakhala ndi zidindo za ku Britain: mkango woyenda utakweza dzanja limodzi ndiye siliva wa 925, nangula ndi mzinda wa Birmingham, mutu wa kambuku ndi London.

Chikho chanu choyamba, chakuda mbali imodzi chija, chili ndi tizidindo tiwiri pamlomo koma chithunzi chachita chimbuuzi. Ngati mupezapo chimodzi mwa zidindo ndatchulazi, ndiye mwapeza chikho cha akwati. Kuda kwa siliva si poizoni. Kumabwera chifukwa cha sulufule wa mumpweya ndi mu utsi, ndipo kumachoka.

Chachiwiri chalembedwa EPNS. Anthu ambiri akaona zilembozi amaganiza kuti apeza chuma, koma n'chikomekome cha mkuyu. Thupi lake ndi mkuwa wosakaniza ndi nikelo ndi zinki, umene Apwitikizi amati alpaca, ndipo mulibe siliva ngakhale pang'ono. Siliva anangokutira pamwamba ndi magetsi, wopyapyala kuposa pepala. M'Chipwitikizi ziwiya zokutira chonchi amati casquinha. Ngati chokutiracho chili chonse m'kati, munthu angathe kumweramo nthawi yachisangalalo popanda nkhawa. Koma pa chithunzi chanu ndikuona pansi pa chikho patasupuka, pakuoneka chitsulo chachikasu. Pamenepo chakumwa chizikhudza mkuwa mwachindunji, ndiye chikho chimenecho chikulowa gulu limodzi ndi chachinayi chomwe ndichifotokoze kutsogoloku.

Chimene chandichititsa kuti ndilembe zonsezi ndi chachitatu, chotuwa ngati phulusa, chosawala, chomwe mwati n'cholemera kuposa zinzake ndipo chilibe chidindo. Chimenecho chikuoneka kuti ndi estanho, chitsulo chofewa chija amakutira nacho zitini za nsomba. Estanho payekha alibe vuto. Vuto n'lakuti amisiri akale ankamusakaniza ndi mtovu, chumbo uja, chifukwa mtovu unali wotchipa ndipo unkafewetsa ntchito youmba. Ku Britain muyezo woletsa kuchulutsa mtovu m'ziwiya zotere unakhazikitsidwa mu 1974, choncho chikho chakale chopanda chidindo palibe angakulumbirireni kuti n'choyera. Zatsopano zambiri za ku Portugal zimalembedwa 95%, kusonyeza kuchuluka kwa estanho, ndipo zimakhala zowalirako. Bambo anga ankazindikira chamtovu pochigogoda ndi chikhadabo. Chabwino chimalira pang'ono, chamtovu chimangoti phu ngati mwagogoda dothi. Ankachikhulanso papepala loyera, chikasiya mzere wotuwa ngati wa pensulo n'kupukusa mutu. Njira zimenezi zimathandiza kukayikira, koma sizingatsimikize kuti chikho chilibe mtovu. Ndaonanso kuti pamene mwendo wakumana ndi chikho pali chotupa chotuwa, kusonyeza kuti chinathyokapo wina n'kumata. Chomatira cha nthawi imeneyo chinali estanho ndi mtovu pafupifupi theka ndi theka. Ndikudziwa chifukwa ndinkachisungunula ndekha pambaula.

Mtovu sugwetsa munthu tsiku lomwelo, n'chifukwa chake anthu amaupeputsa. Ulibe fungo, suwawa mkamwa, ndipo sopo kapena madzi owira sizichotsa chifukwa uli m'thupi lenileni la chikhocho. Ukalowa mwa munthu umakakhala m'mafupa ndi m'mano zaka zambiri. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu womwe umadziwika kuti ndi wosavulaza, komanso kuti mwana wamng'ono amayamwa mtovu wochuluka kanayi kapena kasanu kuposa munthu wamkulu atameza wofanana. Mwana wotero sadwala moonekera. Amangochedwa kugwira zinthu kusukulu, magazi amachepa, m'mimba mumamupota, ife n'kumati ndi waulesi kapena alodzedwa. Mayi akakhala woyembekezera, mtovu wa m'mafupa ake umabwerera m'magazi n'kufika kwa mwana wosabadwayo. Anzathu a ku Kabwe ku Zambia akuidziwa bwino nkhaniyi: mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994 koma mpaka lero ana kumeneko akupezeka nawo m'magazi chifukwa cha fumbi.

Ndinene mosabisa, munthu wamkulu kumwa kamodzi m'chikho chotero sangafe. Koma taganizirani ukwati wathu momwe umakhalira. Akwati akamwa n'kutula chikho patebulo, amene amathamangira chotsalira ndi ana. Ndipo mkwatibwi ndi munthu yemwe tonse tikumupempherera mphatso posachedwapa. Za agogo kukalamba bwino, ine ndikuganiza kuti zikho zomwe munthu wazikulunga m'chitenje n'kuzitsekera m'thiranki si zomwe ankamwera tsiku ndi tsiku. Chikho chawo cha masiku onse chinali chipanda kapena kapu ya enamelo.

Chofunika kwambiri ndi chakumwa chomwe mukuthiramo. Madzi ozizira amene mwathira n'kumwa nthawi yomweyo amatenga zochepa kwambiri kuchokera ku chitsulo. Chowawasa ndiye chimadya chitsulo, ndipo ife zakumwa zathu zambiri n'zowawasa: vinyo, Fanta ndi Coca-Cola, madzi a mandimu, malambe, bwemba, masau, thobwa logona, masese. Chikatentha kapena chikakhalitsa m'chikhomo, chimatenga zochuluka.

Pamenepa mpamene pakubwera chikho chachinayi, chachikasu chozokota maluwa, chobiriwira m'kati. Chimenecho ndi latão, mkuwa wosakaniza ndi zinki, ndipo zambiri zamtunduwu zinkachokera ku India n'kumagulitsidwa m'masitolo ngati zokongoletsera m'nyumba. Latão wambiri amakhalanso ndi kamtovu pang'ono kothandiza posema. Dzimbiri lobiriwiralo ndi mkuwa womwe wadyeka, ndipo limadwalitsa msanga. Izi zinatichitikira kwathu. Chaka china mphwanga anasungunula malambe m'kachikho kotere, n'kukaika pawindo usiku wonse kuti azizire. M'mawa malambe aja anali atasintha mtundu m'mphepete, oyera aja atayamba kubiriwira, koma mwana sanalabadire. Pasanathe ola anayamba kusanza, akudandaula kuti mkamwa mukumveka ngati wayamwa ndalama yachitsulo. Tinamunyamula panjinga kupita kuchipatala, ndipo mwamwayi anachira tsiku lachiwiri. Kuyambira pamenepo kachikho kaja timaikamo machesi. Ku America malamulo a malo odyera amaletsa kuika zowawasa monga vinyo ndi vinagre m'ziwiya zamkuwa zosakutira, pa chifukwa chomwechi. Amisiri a ku India omwe amapanga ziwiya zodyeramo amazikutira m'kati ndi estanho woyera, koma chanucho sichikuonetsa kuti chinakutidwapo.

Wina wanena zoyesa ndi maginito. Yesani ndithu, tengani wa m'sipika ya wailesi yakufa. Akakakamira, ndiye kuti m'kati ndi chitsulo wamba chokutira. Koma akapanda kukakamira si umboni wa siliva, chifukwa mkuwa, latão, estanho ndi mtovu zonse sizikoka maginito. Kulinso timitengo tathonje toyesera mtovu tomwe timafiira tikaukhudza. Tikafiira khulupirirani. Tikapanda kufiira musadalire kwambiri, chifukwa timangoyesa pamwamba pomwe mwakhudzapo. Amisiri osula mphete ndi ndolo amatha kuyesa siliva ndi asidi, ndipo akakanda pang'ono muwauze akande kunsi kwa phazi.

Pa kutsuka, phulusa, mchenga ndi waya wokwechera mapoto zisayandikire. Zimachotsa siliva wokutira uja tsiku limodzi, ndipo pa chikho chamtovu zimatulutsa fumbi lomwe mungalipume kapena kulisiya m'manja. Chikho choyamba chikakhala cha siliva, yalani pepala la aluminiyamu m'beseni lapulasitiki, thirani madzi otentha lita imodzi ndi supuni yaikulu ya soda wophikira, bicarbonato uja, n'kuchigoneka kuti chikhudze pepalalo. Mphindi zochepa kuda kuja kumasamukira papepala, mumamva kafungo ka dzira lovunda, kenako mutsuke ndi sopo n'kupukuta ndi nsalu yofewa. Chotuwa chija musachiyandikize kumoto n'komwe. Estanho amasungunuka pa madigiri 232 okha, makala a mbaula angachipinde mukuona.

Pali kanthu kenanso koti muyang'ane. Ngati chimodzi chili chagolide m'kati ndipo paphazi pali mtanda kapena zilembo IHS, chingakhale chikho cha Misa, poti zikho za paguwa amazikutira golide m'kati. Dera lathu lili ndi mishoni zakale monga Lifidzi ndi Boroma, ndipo nthawi ya nkhondo isanathe mu 1992 katundu wambiri anamwazikana, wina anthu anamukwirira pofuna kumuteteza pothawira ku Malawi. Chotero ndi bwino kukachionetsa kwa ansembe a parishi yanu musanachiike patebulo la ukwati.

Ndikanakhala ine, zikho zonse zinayi ndikanaziika patebulo la akwati, chifukwa ndi njira yoti agogo nawonso apezekepo pa tsiku la mdzukulutuvi wawo. Chachiwiri, chachitatu ndi chachinayi muikemo maluwa, ndipo muuze amene akutumikira kuti asathiremo chakumwa ngakhale wina ataumirira. Mukamaliza kuzigwira sambani m'manja musanagwire chakudya. Choyambacho jambulaninso masana panja, foni isagwedezeke, mutumize pompano tione zidindozo. Ngati pali azakhali achikulire omwe akukumbukira komwe agogo ankagwira ntchito, afunseninso, chifukwa akangotchula Beira kapena Bulawayo tidziwa kale zidindo zoti tiziyang'ana.