Chitetezo cha m'thupi chikapyola muyeso

Mayi wina wa ku Bangula wanditumizira funso pa imelo. Mwana wawo anatentha thupi ndi chimfine, malungo sanamupeze nawo, ndipo anachira yekha. Koma malume awo, nthawi ya Covid-19, anafika poipa sabata yachiwiri, anthu akuti ayamba kupeza bwino. Akufunsa chifukwa chake chitetezo chimapulumutsa wina n'kusiya wina.

Mayi, mwa odwala ambiri ngati malume anuwo, chimene chinkawononga mapapo sabata yachiwiriyo chinali chitetezo chawo chomwe, chitakana kuleka nkhondo.

Vairasi ikalowa m'maselo a m'mphuno, maselowo amatulutsa interferon, yochenjeza anzawo oyandikana nawo kuti adziteteze. Alick Isaacs ndi Jean Lindenmann anaitulukira ku London mu 1957. Interferon ili m'gulu la ma cytokine, mapuloteni onyamula mauthenga pakati pa maselo. Ma cytokine ena amauza ubongo kuti ukweze kutentha kwa thupi. Kenako maselo a chitetezo otchedwa T amapha maselo ogwidwa, otchedwa B n'kupanga ma antibody, mapuloteni omata vairasi kuti isalowe m'maselo ena.

Mumadziwa mmene amawotchera nzimbe ku Nchalo asanadule: moto amauyatsa dala, koma pamakhala anthu ouyang'anira kuti usalumphire munda wina. Thupi nalo lili ndi oyang'anira ake, maselo a regulatory T, amene Shimon Sakaguchi wa ku Japan anawafotokoza mu 1995. Maselo amenewa amatulutsa cytokine yotchedwa IL-10, yoziziritsa kutupa. Vairasi ikatha, pafupifupi maselo 9 pa 10 aliwonse a T amene anachulukana amafa okha. Otsalawo amakumbukira mdaniyo kwa zaka. Mwana wanu anachira mwa njira imeneyi.

Mu Covid-19 yoopsa, interferon inkachedwa, vairasi n'kuchuluka, kutupa n'kubwera kosaletseka mpaka mapapo kudzaza madzi. N'chifukwa chake mu 2020 kafukufuku wa RECOVERY ku Oxford anapeza kuti dexamethasone, mankhwala ofooketsa chitetezo, anachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu mwa odwala opumira makina. Koma amene sankafunika okosijeni sanawathandize. Apa ndipo ndimadandaula ndikamaona anthu akugula mapiritsi otere pamsika, kapena zakumwa zoti "zimakweza chitetezo". Nayonso amoxicillin sipha vairasi.

Mwana akagwidwanso chimfine, kutentha kwa kuchigwa kuno kumamuumitsa msanga, ndiye muzimumwetsa madzi pafupipafupi. Akamapuma mofulumira, nthiti zikulowa m'kati, akukana kumwa, kapena akakomoka, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo malungo akamuyezenso.